Agile m'nyumba yaikulu yofalitsa nkhani: yambani ndi gulu limodzi

Malangizo awa ndi a inu akonzi, oyang'anira mapulogalamu ndi akuluakulu a madipatimenti m'nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani muno mu Lusaka, zija zokhala ndi wailesi, kanema, webusayiti ndi masamba a Facebook pansi pa denga limodzi. Ambiri mwamvapo za njira yoyendetsera magulu a antchito yotchedwa agile, ndipo ena munapitako kale kumaphunziro ake. Njirayi ndi yabwino, ndimailimbikitsa ndi mtima wonse. Koma ikalowa molakwika imangochulukitsa misonkhano, antchito n'kuyamba kuida mwezi usanathe.

Inachokera kwa anthu olemba mapulogalamu a kompyuta. Mu Febuluwale 2001, anthu 17 anakumana ku Snowbird, ku Utah m'dziko la America, n'kulemba chikalata chachifupi chotchedwa Agile Manifesto. Anagwirizana kuti anthu ndi kulankhulana kwawo n'zofunika kuposa malamulo ndi zipangizo, kuti chinthu chogwira ntchito chimaposa mulu wa mapepala ochifotokoza, kuti mwini chinthucho azikhala pafupi pochipanga, ndiponso kuti zinthu zikasintha pulani nayo isinthe. Njira za agile zilipo zingapo, koma zokukhudzani inu ndi ziwiri. Scrum, imene Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland anaifotokoza poyera mu 1995, imadula ntchito m'zigawo za nthawi yofanana, zosapitirira mwezi umodzi, zotchedwa sprint. Kanban inayambira m'mafakitale a Toyota ku Japan, m'manja mwa Taiichi Ohno. Iyo siidula nthawi. Imaika ntchito yonse poonekera, n'kuchepetsa kuchuluka kwa zimene gulu likugwira pa nthawi imodzi.

Musanagule chilichonse kapena kuitana mphunzitsi, khalani pansi mulekanitse ntchito zanu pawiri. Pali ntchito yobwera yokha tsiku ndi tsiku, imene simungaiikire tsiku: ngozi pa Great East Road, chigamulo cha khoti, mtengo wa unga. Palinso ntchito yomangidwa pang'onopang'ono: webusayiti yatsopano, pulogalamu ya achinyamata, kafukufuku wa miyezi itatu, tsamba la zotsatira za zisankho. Yoyambayo imafuna Kanban, yachiwiriyo Scrum. Kukakamiza sprint pa desiki ya nkhani ndiye cholakwa chachikulu. Kolera itabuka mu Lusaka kumapeto kwa 2023, mpaka bwalo la National Heroes Stadium kusandulika malo ochiritsira odwala mu Januwale 2024, panalibe mkonzi akanauza atolankhani kuti adikire masabata awiri athe.

Bolodi la pa desiki ya nkhani

Pezani khoma loonekera kwa aliyense, lisakhale mu ofesi ya abwana. Lembani mizere yogawa bolodi panayi: zoyembekeza, zikutoledwa, zili kwa mkonzi, zatuluka. Nkhani iliyonse ikhale ndi kapepala kake komata, polembedwa mutu wake, dzina la amene waitenga, tsiku limene anaiyamba, ndi komwe idzatuluke, kaya pawailesi, pakanema kapena pa intaneti. Mapulogalamu monga Trello ndi Jira amachita zomwezi pa kompyuta, ndipo amathandiza ngati muli ndi atolankhani ku Chipata, Kitwe kapena Livingstone. Komabe yambani ndi pepala. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atatsika ku Kariba, mmene malaiti ankazimira maola ochuluka patsiku. Bolodi la pakhoma silidikira jenereta, ndipo munthu amaliona ngakhale asakufuna.

Chimene chimachiritsa desiki si bolodilo ayi, koma malire amene mwalemba pamwamba pa mzere uliwonse. Tinene kuti muli ndi atolankhani asanu ndi mmodzi ndi akonzi awiri. Lembani kuti mtolankhani asagwire nkhani zoposa ziwiri, ndipo mzere wa mkonzi usapitirire timapepala tinayi. Mzerewo ukadzaza, amene wamaliza kulemba asayambe nkhani ina. Apite akathandize kutsimikiza mayina ndi manambala, adule mawu ojambulidwa, alembe mawu a pansi pa zithunzi, kufikira malo atapezeka. Poyamba anthu amakana, amati n'kutaya nthawi kuletsa munthu wakhama kuyamba china. Koma taonani zimene zimachitika popanda malire: nkhani khumi zoyambidwa, zitatu zokha zotuluka, zina n'kuola pa tebulo la mkonzi mpaka wailesi ina itazitulutsa. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Manambala ndatchulawa ndi oyambira chabe. Ayeseni masabata awiri, kenako muwasinthe malinga ndi zimene mwaona.

Siyani mzere umodzi wopingasa pamwamba pa bolodi, wa nkhani yadzidzidzi, ndipo muzilowa kapepala kamodzi kokha. Kakalowa, mkonzi anene mokweza nkhani imene yaima kuti iyi idutse, achotse kapepala kake m'manja mwa mtolankhaniyo. Mukalola timapepala titatu mumzerewo, ndiye kuti zonse zasanduka zadzidzidzi, mwabwerera pomwe munali.

Msonkhano wa m'mawa mumachita kale, choncho musawonjezere wina. Ufupikitseni. Bukhu la malamulo a Scrum limapereka mphindi 15, ndipo n'zokwanira ngati anthu aimirira patsogolo pa bolodi. Yambani ndi timapepala ta kumanja, tomwe tatsala pang'ono kutuluka, muzibwerera kumanzere. Funso ndi lakuti chaimitsa nkhaniyi n'chiyani. Mtolankhani anene mwachidule: "Abwana, ya madzi ya ku Kanyama yaima. Anthu ndalankhula nawo, koma mbali inayo sinayankhe, ndiponso galimoto lero kulibe." Mkonzi ayankhe pomwepo: "Nambala ina ndikupatsani tikatha pano. Za galimoto, kwerani ndi a kamera opita ku Soweto Market, akusiyani panjira." Basi, kapepala kena. Zokangana za mutu wa nkhani ndi kalembedwe zidikire, zikambidwe ndi anthu awiri okhudzidwawo. Ndipo msonkhanowu usasanduke bwalo la milandu. Mtolankhani akadzudzulidwa pagulu chifukwa choulula chomwe chamuimitsa, mawa adzangoti zonse zili bwino, inu n'kudzadziwa zoona nthawi ya 18:30, nkhani za 19:00 zili pafupi.

Apa pali chinthu chimene sindifuna muchiphonye. Olemba mapulogalamu amatulutsa chinthu chosamalizika bwinobwino, n'kumachikonza anthu akuchigwiritsa ntchito. Nkhani siitero. Bodza likangolowa m'magulu a WhatsApp a ku Matero ndi Chawama, kupepesa kwanu sikulipeza, ndipo dzina la munthu amene mwamunamizira laipa kale. Choncho gulu lilembe pakhoma zimene zimachititsa kuti nkhani itchedwe yatha: yatsimikizidwa kwa anthu oposa mmodzi, wotchulidwa moipa wapatsidwa mpata woyankha, mayina ndi maudindo aonedwa, ndipo yovuta yadutsa kwa wazamalamulo. Kapepala kosakwanitsa izi sikasuntha, ngakhale nthawi ithe. Agile imachotsa masiku odikira siginecha ndi galimoto, osati mphindi zotsimikizira choona. Ena akadzakuuzani kuti kufulumira ndiye agile, akumbutseni kuti layisensi ya IBA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema, ndi yanu, si yawo.

Gulu lomanga zinthu

Pa ntchito yomangidwa, sankhani imodzi yokha yoyambira, yofunikadi koma yosati ikalephereka kampani igwe. Gulu lisapitirire anthu khumi, ndipo likhale ndi onse ofunika kuti chinthucho chithe popanda kupempha kudipatimenti ina: mtolankhani, mkonzi, wojambula, wokonza zithunzi, wa makompyuta, woyang'anira masamba a mchezo. M'kampani yaikulu anthuwa amakhala m'maofesi osiyana, aliyense ndi bwana wake, ndipo ntchito imathera m'makonde. Akhazikeni pamalo amodzi. Wogwira theka kuno theka uko amathandiza pang'ono, ndi bwino anthu ochepa koma a nthawi yonse.

Ngati mumaulutsa m'zinenero zingapo, monga imachitira Radio 1 ya ZNBC ndi Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, aikeni m'gulu a zinenerowo kuyambira tsiku loyamba. Kuwapatsa pepala la Chingerezi madzulo kuti amasulire mothamanga n'kuwalakwira, iwo pamodzi ndi omvera awo. Iwo ndi amene amadziwa funso limene mlimi wa ku Katete angafunse pa nkhani ya mtengo wa chimanga wa FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, ndipo funsolo liyenera kufunsidwa nkhani ikadali kutoledwa.

Titenge tsamba la zotsatira za zisankho. Tsiku mumalidziwiratu, pakuti malamulo a dziko amati Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pakatha zaka zisanu zilizonse. Kachitidwe kakale n'kolemba zonse zofunika, kupereka kwa a makompyuta, n'kudzaona chinthucho kutatsala sabata imodzi. Pa Scrum, munthu mmodzi, amene bukhu lija limamutcha Product Owner, amasunga mndandanda wa zofunika zonse, zofunika kwambiri pamwamba. Gulu limatengapo zimene lingathe m'masabata awiri. Sprint yoyamba ingotulutsa tsamba loonetsa dera limodzi la phungu, pogwiritsa ntchito zotsatira za 2021, pamene madera anali 156. Litsegulidwe pa foni yotchipa, ya bando yochepa ya MTN, Airtel kapena Zamtel, osati pa kompyuta ya mu ofesi yokha. Lipatseni mlonda wa pageti kapena amayi ophika ku kantini, muone ngati apeza dera lawo popanda kuwalozera. Sprint yachiwiri iwonjezere chigawo chonse, yachitatu njira imene mtolankhani ali kumalo owerengera mavoti angatumizire manambala ndi mkonzi kuwatsimikiza ndi a ECZ, bungwe loyendetsa zisankho. Kukagwa zisankho zachibwereza, yeserani pamenepo. Pofika Ogasiti, zolakwika zambiri mwakumana nazo kale tsiku lopanda phokoso.

Sprint ikatha pamakhala misonkhano iwiri. Woyamba ndi woonetsa chimene chapangidwa, chenichenicho, osati lipoti lake. Wachiwiri ndi wa gulu lokha, wokambirana mmene lagwirira ntchito. Wachiwiriwu ndi umene anthu amathamangira kuusiya, pomwe ndiwo umakonza zinthu. Kwathu kuno wamng'ono sadzudzula wamkulu pamaso, ndipo ulemu umenewo si woipa. Choncho aliyense alembe pakapepala popanda dzina, timapepalato tisakanizidwe, wina atiwerenge. Sankhani chinthu chimodzi chokha choti chisinthe, chikhale ndi mwini wake, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsa ngati chinachitika.

Tsopano kwa inu akuluakulu, chifukwa apa ndi pomwe zimafera. Mwapatsa gulu ntchito ya masabata awiri, kenako usiku mwatumiza uthenga kwa wokonza zithunzi: "Tangondipangirani kakang'ono aka mawa." Iye sangakane, ndinu abwana. Mawa lake wina wa m'dipatimenti ya malonda achitanso chimodzimodzi, sprint n'kutha popanda chooneka, anthu n'kumati agile yalephera. Pempho lililonse, ngakhale la mkulu wa kampani, lidzere kwa wosunga mndandanda uja, ndipo iye akhale ndi mphamvu yofunsa kuti, "Bwana, tikaika ichi tichotse chiti?" Mphamvuyo mumupatse pamaso pa anthu, ndipo tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito pa inu musakwiye. Mupatsenso gulu kandalama kake ka mafuta, bando ndi zoyendera, kokhala ndi malire, koma kosafuna masiginecha anayi. A zamalonda angakhale m'gulu lomanga pulogalamu kapena webusayiti, koma zilembedwe poyera kuti pa zimene nkhani ikunena alibe mawu.

Wina m'gulu akhale Scrum Master. Si kapitawo, ndipo si mlembi wa misonkhano. Ntchito yake ndi kuthamangitsa zoimitsa anzake: kamera yosungidwa popanda woigwiritsa ntchito, situdiyo yolembedwa kawiri, kompyuta yodikira ku ofesi yogula zinthu.

Mudzamvanso za kachitidwe ka kampani ya nyimbo za pa intaneti ya Spotify, ka timagulu ndi magulu akuluakulu, kamene Henrik Kniberg ndi Anders Ivarsson anakafotokoza mu 2012. Eni akewo ananena kuti akungoonetsa mmene zinalili pa nthawiyo. Musasinthe mayina a madipatimenti onse kutengera iwo.

Pakatha miyezi itatu, bwererani ku timapepala tija, n'chifukwa chake tinalembapo masiku. Werengani masiku amene nkhani imatenga kuchoka poyambidwa kufika potuluka, ndi mzere umene imakhalitsa. Werenganinso nkhani zimene munakonza kapena kupepesa zitatuluka kale. Masiku akatsika koma zopepesa n'kukwera, mwathamanga molakwika, bwererani pa zija munalemba pakhoma zochititsa kuti nkhani itchedwe yatha. Musawerenge kuchuluka kwa nkhani za mtolankhani aliyense kuti mumuyese nazo, chifukwa anthu adzayamba kudula nkhani imodzi patatu ndi kuleka kuthandizana. Zikaoneka kuti zayenda, tengani anthu awiri a m'gulu loyambalo akayambitse lachiwiri, ndipo m'malo mwawo mulowe atsopano awiri oti aphunzire. Magulu akafika atatu, oimira gulu lililonse azikumana kawiri pa sabata kwa mphindi zochepa, kugawana situdiyo, makamera ndi magalimoto a sabata imeneyo.