Kuphunzitsa kuwala ndi mthunzi pojambula nkhope ya munthu

Ophunzira ambiri amathamangira maso ndi nsidze, nkhope n'kutuluka yaphwatalala ngati yasitidwa. Dzanja limakhala lilibe mlandu. Diso ndi limene silinazolowere kusiyanitsa kuwala ndi mthunzi. Choncho tsiku loyamba musawapatse nkhope.

Aliyense ajambule timabokosi tisanu motsatizana. Koyamba akasiye koyera, komaliza akadetse bii ndi pensulo yofewa, yakuda kwambiri ya 6B, titatu tapakati tizida pang'onopang'ono ndi mapensulo osada kwambiri a HB ndi 2B. Azidetsa pobwereza mizere mopepuka. Akadinikiza, pepala limaphwanyika njere, malowo amanyezimira ndipo safufutikanso.

Kenako ikani dzira patebulo, muzimitse magetsi onse kupatula nyali imodzi. Aonetseni powala kwambiri, pomwe kuwala kukuzilala, mzere wakuda pomwe dzira latembenukira kumdima, kuwala kochepa kobwerera kuchokera patebulo, ndi mthunzi wogwera pansi. Mphumi, tsaya ndi nsonga ya mphuno zimatsata dongosolo lomweli.

Pofika pa munthu, nyali ikhale chammbali, pamwamba pang'ono pa mutu, mpaka kamalo kowala ka nsonga zitatu kaoneke patsaya la kumthunzi, monga ankachitira Rembrandt, katswiri wojambula wakale wa ku Netherlands. Ophunzira atsinzine pang'ono, agawe nkhope pawiri basi: kowala ndi kwamthunzi. Mbali yonse yamthunzi aidetse mofanana ndi 2B, osasamala kuti apa ndi diso kapena mlomo. Akatero ndiye afunefune malo akuda kwambiri: m'mphuno, pakati pa milomo, kunsi kwa chibwano ndi kunsi kwa chikope chapamwamba.

Pali zolakwa zimene mudzaziona kalasi iliyonse. Kuwala kobwerera pansagwada amakuyeretsa mopitirira, nkhope n'kusokonekera. Malo owala kwambiri a kumthunzi azikhalabe oderapo kuposa malo akuda kwambiri a kowala. Choyera cha diso ndi mano amazisiya mbuu, pomwe zimakhala zaphimbidwa ndi chikope ndi mlomo. Pakhungu lakuda amapaka mdima umodzi nkhope yonse, chonsecho khungu lotere limaonetsa kuwala kwamphamvu pamphumi, pamphuno ndi pamasaya, ndipo m'pomwe pamatuluka maonekedwe a munthuyo.

Aletseni kutikita ndi chala, chifukwa mafuta a khungu amasiya mawanga. Agwiritse ntchito kapepala kokulunga molimba, ndipo aike pepala lina pansi pa dzanja. Malo owala aziwatsegula pomaliza, pogunditsa chofufutira chofewa chopanidwa nsonga, osati pokhula. Pakatha mphindi 15 zilizonse aziimirira n'kuyang'ana chithunzicho ali patali mamita awiri.