Momwe mungayezere ngati mtovu wa m'dothi ukuika nyama pachiswe m'malo otetezedwa

Mtovu suwola. Ukalowa m'dothi umakhala momwemo zaka mazanamazana, ndipo umakonda kukhazikika pamwamba, pomwe pali mizu ndi nyongolotsi. Nkhalango ikhoza kubiriwira bwinobwino pomwe pansi pake pali poizoni wakalekale.

Musanakumbe paliponse, fufuzani kaye komwe mtovuwo ungachokere. Kodi pafupi panali mgodi, kapena malo osungunulira mabatire? Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali loipa mpaka lero. Onaninso m'mbali mwa misewu yakale. Petulo wa magalimoto wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa padziko lonse mu 2021, dziko lomaliza linali Algeria, koma zomwe utsi wake unasiya zikadalipo. Malo omwe alenje ankawomberapo kawirikawiri muwalembenso pamapu anu.

Kenako tengani dothi la pamwamba, kuzama masentimita 20. Pamalo alionse kumbani timaenje tisanu toyandikana, sakanizani dothilo m'thumba limodzi la pulasitiki, ndipo lembani nambala ndi GPS. Valani magolovesi, ndipo tsukani chokumbira musanapite pena. Chomwe ambiri amaiwala ndi dothi loyerekezera nalo: litengeni kutali ndi gwero la mtovu, koma pamalo a miyala yofanana. Popanda limeneli, manambala anu sakuuzani kanthu, chifukwa dothi lililonse limakhala ndi mtovu wachibadwa pang'ono.

Liumitseni pamthunzi, lisefeni ndi sefa ya mamilimita 2. Makina am'manja a XRF, omwe amaunika zitsulo za m'dothi ndi cheza cha X-ray, amaonetsa mwamsanga pomwe pali mtovu wambiri, koma ena mwa matumbawo apite ku labotale kukatsimikiza ndi makina oyeza bwino kwambiri kuchuluka kwa zitsulo, otchedwa ICP-MS kapena AAS.

Tsopano masamu. Njira yomwe ambiri amatsata ndi ya Lars Håkanson, wasayansi wa ku Sweden, ya mu 1980. Gawani mtovu wa pamalo okayikitsawo ndi wa dothi loyerekezera lija, zotsatira zake chulukitsani ndi 5. Zikakhala pansi pa 40, chiopsezo n'chochepa. 40 mpaka 80 n'chapakati. Zikapyola 320 zafika posauzana.

Koma apa musafulumire kusangalala. Kuti mufike pa 40, mtovu uyenera kuchuluka kasanu n'katatu kuposa wachibadwa, ndiye njirayi imatha kunena kuti zonse zili bwino pomwe nyama zayamba kale kudwala. Ine sindiikhulupirira payokha. Yezaninso pH, muyezo wa asidi wa m'dothi: dothi la asidi limamasula mtovu kuti ulowe m'mizu ndi m'matupi a tizilombo, pomwe dothi lodzaza ndi zowolerana limaugwira zolimba. Malo awiri a nambala imodzi akhoza kusiyana kutalitali.

Pomaliza tsatani njira yomwe mtovu umadzera kuti ufike m'thupi la nyama. Nyongolotsi zimadya dothi, mbalame n'kudya nyongolotsizo. Abakha am'madambo amameza tizipolopolo poyesa timiyala topera chakudya, n'chifukwa chake mayiko a European Union analetsa tizipolopolo ta mtovu m'madambo kuyambira mu 2023. Miimba nayo imameza zidutswa za chipolopolo m'nyama yowomberedwa. Tolani nyongolotsi pamalo omwe munatenga dothi kuti nazo zikayezedwe mtovu, ndipo mukapeza mbalame yakufa, isungeni mufiriji kuti dokotala wa ziweto akayeze chiwindi ndi mafupa ake.