Kapentedwe ka kamutu ka sitima ya dizilo kuti kafanane ndi mutu weniweni

Anzanga okonda timasitima ta modelo, musanatsegule n'komwe botolo la penti sankhani kaye mutu umodzi basi, nambala imodzi, chaka chimodzi. Ambirife timalakwira pomwepa, timangoti ndikufuna mutu wa mtundu wa SD40-2 wa Union Pacific (UP), kampani ya njanji ya ku America, osadziwa kuti kampani yopanga mitu ya sitima ya EMD inapanga mitu imeneyi pafupifupi 4000 kuyambira 1972 mpaka 1989 ndipo ngakhale ya kampani ya njanji imodzi yomweyo siyofanana ayi. Ina ya UP ili ndi mphuno yayitali ya mainchesi 116 imene amaitcha snoot, ina yayifupi ya 81 kapena 88, hutala pena ili pamwamba pa cab, kachipinda ka woyendetsa kaja, pena ili kumbuyo kufupi ndi mafani, ma truck onyamula mawilo aja kale anali a siliva koma m'ma 1980 anayamba kuwapenta yotuwa. Ndiye sakani pa intaneti zithunzi za nambala yanuyo, mbali zonse ziwiri, kutsogolo, ndipo mukapeza chojambulidwa pa mlatho choonetsa denga chisungeni bwino chifukwa pa tebulo maso athu amafikira pa denga.

Mukatero vulani chigoba, chotsani magalasi ndi zitsulo zogwirira za m'mbali zija, muziike m'kabokosi zisatayike. Ngati chinabwera chopenta kale chiviikeni mu sipiriti ya isopropyl ya 91% kwa maola angapo kenako kukwecha ndi mswachi wakale, koma yesani kaye mkati mwa chigobamo poti pulasitiki ina imakhadzuka. Tizinthu towonjezera ngati timawaya togwirira pokwera, belu, ma hose a mpweya ndi khasu lakutsogolo lokankha chipale tiikeni pano penti isanapite. Pa modelo ya saizi ya HO, imene ndi 1:87 poyerekeza ndi mutu weniweni, timabowo ta mawaya timafuna dirilo ya #79 kapena #80 yozungulitsa ndi zala, guluu wake superglue kadontho kotapa ndi nsonga ya singano. Kenako tsukani ndi sopo wa mbale, chiume usiku wonse, osachigwiranso ndi manja.

Tsopano chikasu, apa ndiye pofunika kudekha. Mitundu ya UP ndi Armour Yellow ndi Harbor Mist Gray ndi kamzere kofiira pakati pake, ndipo chikasu ndi penti yovuta zedi, siphimba msanga. Mukapopera pa pulasitiki yakuda chimatuluka chobiriwira ngati ndimu yosapsa, inu n'kumangowonjezera mpaka timizere ta zitseko ndi ma grille olowetsa mpweya aja zonse kukwiririka. Mutu wanga woyamba unatha choncho ndipo zinandiwawa kwambiri poti ndinali nditathera masabata awiri ndikuboola timabowo. Yambani ndi primer, penti yapansi, yoyera kapena yotuwa pang'ono, sungunulani penti ikhale ngati mkaka, airbrush yopopera penti ikhale pa mphamvu ya mpweya ya 20 psi kapena chapompo, muzipopera mopyapyala katatu kanayi mukudikira iume. Chikasu chiyambe, chikhale masiku awiri, kenako matani tepi ya Tamiya n'kupopera yotuwa pa denga ndi pansi. Tepiyo muziikanikiza ndi kamtengo kotokosolera m'mano pa mahinji onse, ndipo musanapopere yotuwa dutsitsani kachikasu pang'ono m'mphepete mwa tepi kuti katseke mipata, mzere umatuluka wakuthwa bwinobwino.

Ma decal, timapepala tomata ta manambala ndi zilembo, amafuna pamalo posalala ndiye poperani vanishi yowala kaye, apo ayi pansi pake pamatsalira mpweya n'kumanyezimira. Ine ndimagwiritsa a Microscale ndi timankhwala tawo tomatira, Micro Set pansi Micro Sol pamwamba, ndipo mukaona decal yakwinyika musaikhudze chonde, imadziwongola yokha ikamauma. Manambala awerengeni kawiri ndi chithunzi chija, ndi a pa number board omwe, timabolodi ta nambala takutsogolo tija. Mukamaliza vanishi yosawala ngati Dullcote, magalasi asanabwerere.

Kudetsa ndi kumene kumapatsa moyo kamutu koma ndi kumenenso anthu amapyola muyezo. Dothi lililonse pa mutu weniweni lili ndi kochokera. Mwaye umatuluka pa ekizozi n'kugwera pa denga, dizilo amatayikira pothirira pa thanki n'kutsika ngati kamzere konyowa, fumbi limakwera kuchokera ku mawilo ndiye limachuluka pa ma truck ndi kunsi kwa thanki n'kumachepa mukamakwera, dzuwa limasuwitsa chikasu kuyambira pamwamba. Aliyense amene anaimapo pafupi ndi njanji ku Limbe kapena ku Nkaya anaziona zimenezi ndi maso, kungoti mtundu wa fumbi muzitengera chithunzi cha mutu wanuwo osati dothi la kwanu. Yambani ndi kusuwitsa, penti yoyera kapena ya mchenga yosungunula kwambiri, gawo limodzi pa magawo 10 a thinner, kupopera chapatali. Kenako penti ya oyilo yakuda yosakaniza ndi yabulauni yotchedwa burnt umber, yamadzimadzi, muidonthetse mu ma grille ndi m'mizere ya zitseko, yotsala pukutani ndi kathonje ka m'khutu motsitsa pansi momwe mvula imayendera. Choko cha pastel chopala ndi mpeni chimagwira bwino ntchito ya mwaye ndi dzimbiri pa ma coupler olumikizira mabogi, ingodziwani kuti vanishi imachimeza ndiye mwina mubwereza kawiri.

Mukadetsa mbali imodzi imani, jambulani ndi foni panja pa dzuwa muyerekeze ndi chithunzi chenicheni, foni imaonetsa zimene maso azolowera. Zitsulo zogwirira zija ndi za pulasitiki yoterera imene penti imasupuka, ndiye zipakeni kaye adhesion promoter, mankhwala othandiza penti kugwira. Pomaliza pukutani mawilo ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl, penti ikatsalira pamenepo magetsi sadutsa ndipo kamutu kanu kadzangoima pa njanji.