Kupalasa Njinga Kumidzi ya ku France Popanda Kulimbana ndi Magalimoto

Musanasankhe njira, dziwani kaye kusiyana kwa mawu awiri amene mudzawaona pamapu ndi pazikwangwani: voie verte ndi véloroute. Voie verte ndi njira imene malamulo a pamsewu a ku France, kuyambira mu 2004, anaipatula kuti ikhale ya oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo galimoto ndi njinga zamoto siziloledwamo. Véloroute ndi ulendo wautali wokhala ndi zikwangwani, umene umalumikiza zidutswa za voie verte ndi timisewu ta kumidzi momwe mumadutsanso magalimoto ndi mathirakitala. Njira yotchuka ya Loire à Vélo, ya makilomita pafupifupi 900 kuchokera ku Cuffy kufupi ndi Nevers mpaka ku Saint-Brevin-les-Pins, ndi ya mtundu wachiwiriwu. Ndi yabwino ndithu, koma amene akufuna kusakumana ndi galimoto tsiku lonse adzakhumudwa nayo m'zigawo zambiri.

Chachiwiri ndi pansi pamene tayala likuponda. Ma voie verte ambiri anamangidwa pamene kale panali njanji, kapena m'mbali mwa ngalande zimene mumayenda mabwato, m'tinjira timene akavalo ankadutsamo pokoka mabwatowo. N'chifukwa chake mulibe zitunda zoopsa, poti sitima ndi madzi sizikwera phiri. Koma kusowa kwa zitunda sikutanthauza kuti pali phula. Pa webusaiti ya France Vélo Tourisme kapena ya bungwe la AF3V, chigawo chilichonse amachifotokoza. Mukaona mawu akuti enrobé kapena revêtement lisse, pamenepo ndi posalala. Stabilisé ndi timiyala tophwanya totsenderedwa, timene timayendeka kukakhala ng'amba koma timafewa mvula ikagwa. Apa ndi pamene ambiri amagwa nayo Canal du Midi, ngalande ya kummwera kwa France. Dzina lake ndi lalikulu, inamangidwa ndi Pierre-Paul Riquet pakati pa 1666 ndi 1681 ndipo ili m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse kuyambira mu 1996, koma mukangodutsa makilomita pafupifupi 50 aphula kuchokera ku Toulouse, zigawo zina ndi dothi, miyala ndi mizu ya mitengo. Njinga ya matayala oonda sipindula kanthu kumeneko.

Bordeaux mpaka Toulouse

Kwa munthu wa njinga ya pamsewu, njira imene ife timalangiza ndi yochokera ku Bordeaux kukafika ku Toulouse, makilomita pafupifupi 270, ambiri mwa iwo aphula ndiponso opanda galimoto. Masiku anayi amakwana bwino.

Tsiku loyamba mumatuluka mu Bordeaux motsata mtsinje wa Garonne mpaka ku Latresne, pamene pamayambira njira ya Roger Lapébie, yotchedwa dzina la katswiri amene anapambana mpikisano wa Tour de France mu 1937. Ndi njanji yakale, yodutsa m'nkhalango ndi m'minda ya mphesa, ndipo imakwera pang'onopang'ono moti mumangomva miyendo ikulemera osaona chitunda. Ku Créon kuli malo okonzera ndi kubwereketsa njinga. Ngati china chake chikulira panjinga yanu, konzetserani pomwepo. Njirayi imathera ku Sauveterre-de-Guyenne, makilomita pafupifupi 55 kuchokera ku Bordeaux. Kuchoka apo mpaka ku La Réole, makilomita ngati 20, mulibe voie verte: ndi timisewu ta kumidzi ta zitunda ndi zitsetse, momwe mumagawana ndi magalimoto. Amene ali ndi ana, kapena amene sakufuna n'komwe zimenezi, akwere sitima ya TER (sitima yoyenda m'chigawo, yoima m'matauni ang'onoang'ono) pa siteshoni ya Bordeaux Saint-Jean n'kukatsikira ku La Réole. Kuchokera pamenepo mumawoloka Garonne ndipo pakangopita makilomita owerengeka mwafika pangalande ku Fontet.

Ngalande imeneyi ndi Canal de Garonne, ya makilomita 193 kuchokera ku Castets-en-Dorthe mpaka ku Toulouse. Tsiku lachiwiri mumadutsa Meilhan-sur-Garonne, Le Mas-d'Agenais, Damazan ndi Buzet-sur-Baïse, n'kukagona ku Agen, mtunda wa makilomita pafupifupi 75. Polowa mu Agen ngalande imawoloka pamwamba pa mtsinje pa mlatho wamiyala wa mamita 539. Kanjira ka m'mbali mwake ndi kopanikiza, pansi pake ndi miyala yosalingana, madzi ali pomwepo: tsikani muikankhe njingayo. Tsiku lachitatu ndi lalifupi dala, makilomita 43 okha mpaka ku Moissac, kuti mupeze nthawi yoona nyumba yakale ya amonke ya kumeneko. Lachinayi ndi makilomita 64 kudzera ku Castelsarrasin ndi Montech. Makilomita omaliza polowa mu Toulouse ndi osakongola, mafakitale ndi phokoso la msewu waukulu, koma mumafika pakati pa mzinda osalowa m'chipiringu cha magalimoto.

Tinene poyera kuti ngalande imatopetsa maso. Ndi madzi kumbali imodzi, mitengo mbali zonse, kwa maola. Midzi yambiri ili kilomita imodzi kapena ziwiri kuchoka panjirayo, ndipo mukapanda kupatuka mwadala mudzafika ku Toulouse osaona mudzi wa ku France.

Za mbali yoyambira: mphepo kawirikawiri imachokera kumadzulo, choncho kuyambira ku Bordeaux kumakuikani nayo kumsana. Koma kufupi ndi Toulouse kuli mphepo yotchedwa autan, yochokera kummwera chakummawa, imene imatha kuomba masiku angapo mosalekeza. Ikayamba, chepetsani mtunda wa tsikulo. Njanji ya Bordeaux–Toulouse imayenda kufupi ndi ngalande, ndipo ku Marmande, Agen, Valence d'Agen, Moissac ndi Castelsarrasin kuli masiteshoni.

Njinga ndi katundu

Matayala a mamilimita 28 amakwana paphula, koma a 32 ndiwo abwino ngati felemu yanu ikulola. Chifukwa chake ndi mizu. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa ngalande imatukula phula kuchokera pansi, n'kupanga timizere topingasa njira ngati ta m'munda wa mbatata, ndipo mumthunzi simutiona msanga. Tayala loonda lopopedwa kwambiri limadumpha pamenepo n'kukulandani chiwongolero. Lochepa mpweya limapanikiza chubu pa limu, ndipo mukachitulutsa mumapeza timabowo tiwiri toyandikana. Mukaona timabowo totere musavutike kufunafuna munga, vuto ndi mpweya. Kwa munthu wa makilogalamu 70 mpaka 75, ikani ma bar 5 (bar ndi muyezo wa mpweya papampu) m'tayala la 28 ndi ma bar 4 m'tayala la 32, n'kuwonjezera theka la bar kumbuyo ngati mwanyamula zikwama.

Nyamulani machubu awiri, zigamba ndi guluu, zotsegulira tayala, pampu yogwirizana ndi valavu yanu, masipanala a Allen a mamilimita 4, 5 ndi 6, ndi cholumikizira tcheni cholingana ndi chiwerengero cha magiya anu. Ngati mukugona m'nyumba za alendo, katundu wa makilogalamu 8 ndi wokwanira. Mumangirireni panjinga, osati kumsana, chifukwa panjira yopanda zitunda simuimirira pamapedulo, mumakhala pachishalo tsiku lonse, ndipo chikwama cha kumsana chimangowonjezera ululu. Muzidzutsa thupi pachishalo masekondi ochepa mphindi 15 zilizonse.

Ngati njinga ndi yobwereka, finyani mabuleki musanakwere kuti mudziwe mbali yake. Ku France dzanja lamanzere ndilo limagwira buleki yakutsogolo, pomwe ku Britain ndi lamanja. Wozolowera zina akafinya mwadzidzidzi amapezeka wadutsa pamwamba pa handulo.

Zimene zimagwetsa anthu panjira yopanda galimoto

Ku France amayenda kumanja. Kwa wochokera ku Malawi, Zambia, South Africa kapena Britain, ngozi siili mumzinda, momwe magalimoto amakukumbutsani okha. Ili panjira yopanda kanthu, mukangonyamuka mutapuma: thupi limabwerera kumanzere lokha, n'kukumana maso ndi maso ndi wina pakhona. Mangani kansalu kowala kudzanja lamanja la handulo. Podutsa munthu, mudutseni cha kumanzere kwake mutaliza belu muli patali.

Pamene voie verte ikudutsana ndi msewu pamakhala mizati kapena zotchinga zachitsulo, ndipo nthawi zambiri galimoto ndiyo ili ndi ufulu wodutsa koyamba. Mukamayenda pagulu siyani mpata, chifukwa wakumbuyo saona mzati umene wakutsogolo waulambalala. Yang'anani kumanzere koyamba, kenako kumanja. M'midzi muli lamulo la priorité à droite: pamphambano yopanda chikwangwani, wochokera kudzanja lanu lamanja ndiye amayamba, ngakhale atuluke m'kamsewu kakang'ono. Pansi pa milatho ya pangalande njira imapanikiza n'kukhota, ndipo miyala yake imaterera ikanyowa. Asodzi nawonso amagoneka ndodo zawo zazitali mopingasa njira, makamaka m'mawa Loweruka ndi Lamlungu.

Malamulo ena ndi achidule. Belu, mabuleki awiri ndi nyali usiku, yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, n'zokakamiza. Kunja kwa tauni usiku kapena kukachita chifunga, valani chovala chonyezimira. Mwana wosakwana zaka 12 avale chipewa choteteza mutu. Kupalasa mutavala zomvera m'makutu chindapusa chake ndi ma euro 135. Nambala ya pangozi ndi 112.

Chakudya, madzi, pogona

Masitolo a m'midzi amatseka masana, kawirikawiri kuyambira cha m'ma 12:30 mpaka 2 koloko kapena kupitirira, amatsekanso Lamlungu masana, ndipo ambiri satsegula Lolemba. Malo odyera nawo akangodutsa 2 koloko samalandiranso anthu mpaka madzulo. Gulani buledi, tchizi ndi zipatso m'mawa musanachoke m'tauni. Tengani mabotolo awiri a mamililita 750. Madzi akakutherani, pitani kumanda a m'mudzi: pafupi ndi chipata nthawi zambiri pamakhala mpopi wothirira maluwa. Kwathu kumanda sikupitidwa wamba, koma kumeneko apanjinga onse amatero. Pakalembedwa kuti eau non potable, musamwe.

Pofuna pogona yang'anani chizindikiro cha Accueil Vélo. Malo okhala nacho ali mkati mwa makilomita 5 kuchokera panjira, ali ndi potsekera njinga ndi zida zokonzera. Mu Julayi ndi Ogasiti sungitsanitu malo, ndipo dziwani kuti kutentha kumatha kupitirira madigiri 35. Nyamukani 7 koloko kuti pofika 1 koloko mukhale mwamaliza. Meyi, Juni ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino.

Pobwerera, sitima za TER zimanyamula njinga yosamasula, koma malo ndi ochepa ndipo zigawo zina zimafuna kuti musungitsetu m'nyengo yotentha. Mu TGV, sitima zothamanga kwambiri, si zonse zili ndi malo a njinga. Pamene alipo mumalipira ma euro 10 pogula tikiti, apo ayi masulani matayala muiike m'chikwama chosapitirira masentimita 130 ndi 90.

Amene ali ndi tsiku limodzi lokha apite ku chigawo cha Bourgogne, pa voie verte ya Givry mpaka Cluny, makilomita 44 aphula pa njanji yakale, imene inatsegulidwa mu 1997. Kummwera kwa Cluny njirayi imaboola phiri pa Tunnel du Bois Clair, makilomita 1.6 m'kati mozizira ngakhale kunja kutenthe, choncho tengani juzi ndi nyali. Kuyambira mu Okutobala mpaka mu Epulo amatsekamo kuti mileme igone mosasokonezedwa, ndipo njira yolambalala ndi ya chitunda chenicheni, yofuna giya yopepuka.