Momwe mungakonzere maulendo a mathiraki onyamula chakudya pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta

Pulogalamu yokonza maulendo imatenga mndandanda wa malo okatsitsa katundu, mathiraki amene muli nawo ndi maola amene wogula aliyense amalandirira katundu, n'kukuwerengerani kuti thiraki iti ipite kuti, iyambire pati, imalizire pati. Imawerengera msanga kuposa munthu, koma imakhulupirira chilichonse chimene mwaiuza. Choncho ntchito yaikulu yagona pa zimene mukulowetsamo.

Yambani ndi malo. Musadalire adiresi yolembedwa. Ikani manambala a GPS a geti lenileni lolowera mathiraki, chifukwa pa nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu khomo la ku ofesi ndi potsitsira zimatalikirana. Lembaninso maola olandirira katundu ndi masiku amene amatseka.

Kenako nthawi yotsitsa, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amangoika mphindi zofanana pa malo onse, tinene 30, pomwe kwina kuli forklift (kagalimoto konyamulira ndi kutsitsira katundu), kwina amatsitsa pamanja, kwinanso thiraki imayamba yaima pamzere kudikira kuti mapepala asainidwe. Mukaika nthawi yoperewera ndi mphindi 20 pa malo aliwonse mwa malo 6, mwataya maola awiri, ndipo malo omaliza mukapeza atatseka. Pa ulendo wautali zimenezi zikutanthauza kugona panjira, firiji ya thiraki ikudya dizilo usiku wonse. Nthawi yoona itengeni pa GPS ya thiraki: onani pamene inafika ndi pamene inanyamuka pa malo aliwonse m'masabata angapo apitawa.

Pa thiraki iliyonse lembani kulemera kumene imaloledwa kunyamula, kuchuluka kwa mapaleti (timathandala tosanjikapo katundu) ndi msinkhu wa thirakiyo. Thirela ya mamita 13.6 imalowa mapaleti 33 a mamilimita 1200 ndi 800, kapena 26 a 1200 ndi 1000. Koma katundu wolemera ngati shuga amafika pa malire a sikelo malo akadalipo, ndiye pulogalamu iziona zonse ziwiri. Sankhaninso mapu a mathiraki. Mapu a magalimoto ang'onoang'ono sadziwa za milatho yofupika kapena misewu yoletsa katundu wolemera.

Chakudya chigaweni potengera kuzizira kumene chimafuna, ndipo muiletse pulogalamu kusakaniza magulu m'chipinda chimodzi. Zoundana zimayenda pa madigiri -18 kapena kutsikirapo, nyama yaiwisi ndi mkaka pakati pa 0 ndi 4, pomwe nthochi zimada zikazizira kupitirira madigiri 13 kutsika m'munsi. Maapulo ndi nthochi zakupsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umachititsa masamba kusanduka achikasu. Kompyuta siidziwa zimenezi pokhapokha mwaiuza. Siidziwanso kuti firiji ya thirela inapangidwa kuti isunge kuzizira kumene katundu wabwera nako, osati kuziziritsa katundu wofunda, choncho muike nthawi yoziziritsa thirela musanapakire.

Maola a dalaivala alowe monga lamulo losaphwanyika. Malamulo amasiyana m'mayiko. Ku European Union, mwachitsanzo, dalaivala amayendetsa maola 9 patsiku ndipo amapuma mphindi 45 akayendetsa maola anayi ndi theka. Ngati ulendo ukudutsa malire a mayiko kapena pa sikelo, onjezani nthawi yodikira.

Tsopano iuzeni pulogalamu iwerengere. Ndondomeko ikatuluka musathamangire kuitumiza: ionetseni kwa dalaivala amene amaudziwa msewuwo, poti iye ndiye angakuuzeni za phiri limene thiraki yodzaza imakwera mokwawa. Mukagwirizana, perekani mndandanda kwa opakira kuti katundu wa malo omaliza alowe poyamba, wa malo oyamba akhale kukhomo. Kupanda kutero zitseko zidzakhala zotsegula nthawi yaitali akufufuza paleti ya mkati, kuzizira kukuthawa. Fufuzaninso katundu wobwerera naye, chifukwa thiraki yobwerera yopanda kanthu imadyabe mafuta ndi matayala, koma thirela itsukidwe isanalandire chakudya china.

Kumapeto kwa sabata iliyonse yerekezani zimene pulogalamu inakonza ndi zimene zinachitika: makilomita, malita a dizilo ndi nthawi yofikira. Malo amene thiraki ikuchedwako mobwerezabwereza, asinthireni nthawi yotsitsa musanakonze maulendo a sabata yotsatira.