Momwe mungawedzere nsomba ya bass dzuwa lili paliwombo

Asodzi ambiri a bass amapinda zingwe nthawi ikangokwana 10 koloko m'mawa, ponena kuti nsomba zasiya kudya, ndipo amabwereranso dzuwa litapendeka. Komatu bass sisowa kukatentha: imangounjikana m'malo ochepa amthunzi kapena akuya, ndipo munthu wodziwa malowo amaipeza mosavuta kusiyana ndi m'mawa pamene imakhala itabalalika. Nsomba ya kukamwa kwakukuluyi, yotchedwa largemouth bass, kwawo ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo lero imawedzedwa kwambiri m'madamu monga Albert Falls pafupi ndi Pietermaritzburg, Mutirikwi pafupi ndi Masvingo, ndi Manyame kumadzulo kwa Harare, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limawotcha osati masewera.

Choyamba, funani mthunzi. Bass imagwira chakudya mochita kubisalira, choncho imakonda kukhala pamdima n'kumayang'ana kowala kumene tinsomba timadutsa. Yang'anani pansi pa milatho, m'mbali mwa mabwato oimikidwa, pamitengo imene inamira pamene damu linkadzaza, ndiponso pansi pa namasupuni kapena udzu wa m'madzi woyalana pamwamba. Udzu wobiriwira ndi wabwino koposa chifukwa masana umatulutsa okosijeni, pamene madzi otentha amasunga mpweyawu pang'ono. Udzu wofiirira umene wayamba kuola ingoulambalalani. Masana enieni mthunzi umakhala waung'ono kwambiri, motero nyambo iyenera kugwera mkati mwake, osati mita imodzi kumbali, pakuti nthawi imeneyi nsomba sifuna kuthamangitsa chakudya.

Mukapeza malo, konzani nyambo yoti isakole. Nyongolotsi ya pulasitiki yomangidwa mwa njira ya Texas rig ndiyo ndimaikhulupirira kuposa zonse: lowetsani chingwe m'kamtovu kosongoka, mangani mbedza, kenako bayani mutu wa nyongolotsi, tulutsani mbedzayo n'kubisa nsonga yake m'thupi la nyamboyo kuti izidutsa m'nthambi bwinobwino. Pamadzi oyera kamtovu ka magalamu 7 mpaka 10 n'kokwanira, koma kuti muboole udzu woyalana pamafunika kolemera magalamu 28 kapena kuposerapo, pamodzi ndi chingwe cholukidwa cha braid chimene chimadula udzu nsomba ikamakoka. Chule wa pulasitiki wokokedwa pamwamba pa udzuwo amagwiranso ntchito ngakhale dzuwa lili pamutu.

Chachitatu ndicho chimagonjetsa ambiri, ndipo ndi kudekha. Yandikirani mwakachetechete, injini ili chizimire, ndipo ponyani chamunsi kuti nyambo ilowe m'madzi mopanda phokoso. Isiyeni imire mpaka pansi chingwe chili cholendewera pang'ono, maso anu ali pachingwecho, chifukwa nthawi zambiri bass imameza nyambo ikamatsika, ndipo chimene mungaone n'chakuti chingwe chadumpha pang'ono kapena chayamba kuyenda cham'mbali. Nyambo ikafika pansi, dikirani masekondi asanu kapena khumi, kwezani ndodo pang'onopang'ono, kenako isiyeninso igwe. Musanyansidwe kuponya kangapo pachitsa chimodzi mochokera mbali zosiyanasiyana. Nsomba imene sinali ndi njala imatha kuluma chifukwa chongotopa nacho chinthu chimene chikuvinavina pamphuno pake. Mukamva kulemera, kungani chingwe n'kukoka ndodo mwamphamvu kamodzi, ndipo itulutseni nsombayo msanga m'nthambi isanakulunge chingwe. Pachule zimasiyana pang'ono: musakoke pongoona madzi akuthovoka, yambani mwamva kulemera kwa nsomba.

Ngati kumthunzi kulibe kanthu, pitani kwakuya, koma musaganize kuti pozama kwambiri ndiye pabwino. M'nyengo yotentha madzi a m'madamu akuya amagawikana: otentha amakhala pamwamba, ozizira pansi, ndipo apansiwo amatha okosijeni chifukwa cha zinyalala zoola. Bass imakhala chapamwamba pa malire a magawo awiriwa, makamaka pamene mtunda wolowa m'madzi ukutsetsereka mwadzidzidzi, pamiyala yomira, kapena m'mphepete mwa khwawa la mtsinje wakale. Apa kokani jig (mbedza yokhala ndi mutu wolemera wamtovu) mokhukhuza pansi, kapena crankbait (nyambo yolimba yooneka ngati kansomba) ya mlomo wautali imene imamira mpaka kugunda miyala. Kukayamba kamphepo, sankhani gombe limene mafunde akumenya, chifukwa kumeneko madzi amasakanikirana ndi mpweya ndipo tinsomba timasonkhana.

Nsomba imene mukufuna kuibweza musaichedwetse kunja, popeza m'madzi otentha imachira movutikira ikatopa: nyowetsani manja, igwireni kumlomo wapansi, dzanja lina likuchirikiza mimba ngati ili yaikulu, chotsani mbedza n'kuibweza pompo. Inunso valani chipewa ndi magalasi ochotsa kunyezimira kwa madzi, amene amathandizanso kuona zitsa zomira, ndipo imwani madzi pafupipafupi. Ku Mutirikwi ndi ku Manyame kuli ng'ona, choncho musalowe m'madzi kukakolola mbedza yokodwa. Dulani chingwe mumange ina. Musananyamuke, funsani za chilolezo chowedzera, chimene m'madamu a m'mapaki a ku Zimbabwe chimaperekedwa ndi bungwe la Zimparks.