Kuthandiza mwana wa chaka choyamba kusukulu kuti asamangoloweza

Mwana wa zaka 6 akhoza kuimba a, e, i, o, u mosaphonya koma osazindikira chilembo n'chimodzi chomwe. Pa msinkhu umenewu kuloweza sikuvuta, ndipo kumanamiza makolo ndi aphunzitsi omwe.

Yambani ndi khutu, buku libwere pambuyo. Nenani mawu ngati "mutu" mukuomba m'manja pa phatikizo lililonse: mu-tu, kawiri. Kenako mufunseni liwu limene akumva poyamba. Akatha kusiyanitsa chiyambi cha "mutu" ndi cha "fupa", ndiye muonetseni chilembo. Muuzeni liwu lake, "mmm", osati dzina lokha. Wongodziwa dzina akaona m ndi a amati "emu-a" n'kukakamira pomwepo, pamene mnzake wangotulutsa "ma".

Malembo atsopano awiri kapena atatu pa sabata ndi okwanira. Akadziwa m, n ndi malembo a liwu asanu aja, apange ma, me, mi, mo, mu, ndipo tsiku lomwelo awerenge mawu enieni: ana, mano, nena. Maphatikizo olemera ngati mba, nkha ndi ntcha adikire kaye.

Pofuna kudziwa ngati akuwerengadi, sokonezani ndondomeko. Lozani mo, mudumphe mpaka pa mi, mubwerere pa ma. M'buku, phimbani chithunzi ndi dzanja. Maso ake akachoka pa mawu n'kuyang'ana kumwamba kapena nkhope yanu, akufufuza m'mutu zimene analoweza. Bwererani ku maliwu. Akakakamira pa mawu, werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize. Akuluakulu ambiri amafulumira kumuuza yankho, mwana n'kuzolowera kudikira.

Kusokoneza b ndi d kusakudetseni nkhawa. Chikho chimakhalabe chikho ngakhale chogwirira chiloze kumanja kapena kumanzere, ndipo mwana amayamba waona malembo chimodzimodzi. Ambiri amasiya cha m'ma zaka 7 kapena 8. Malembo awiriwa musawaphunzitse sabata imodzi. Alembe lalikulu ndi chala m'malere kapena pansi akunena njira yake: b amayamba ndi ndodo, d amayamba ndi mimba. Koma ngati amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, kapena sayankha mukamuitanira kumbuyo, akapimidwe maso ndi makutu.

Masamu nawonso ali ndi msampha womwewu. Kutchula manambala mpaka 20 si kudziwa kuchuluka kwa zinthu. Mupatseni timiyala 5, akhudze kamodzikamodzi n'kumakankhira pambali kamene wawerenga, kuti asabwereze kapena kudumpha. Akamaliza mufunseni kuti, "Tilipo tingati?" Akayambiranso pa 1, sanamvetse kuti nambala yomaliza ndiyo chiwerengero cha tonse. Timwazeni patalipatali mufunsenso. Ana ambiri amati tachuluka. Izi zikakhazikika, agawe 5 m'magulu awiri, 4 ndi 1, 3 ndi 2, ndipo zizindikiro za + ndi − zibwere zitatha izi. Musamuletse kuwerengera zala, adzasiya yekha mayankho akayamba kubwera m'mutu.

Mphindi 10 mpaka 15 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Akayamba kuyasamula kapena kuseweretsa pensulo, lekezani pomwepo. Onaninso nthawi imene amagona, chifukwa ana a msinkhu uwu amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12 usiku uliwonse.